Marozi Khumi pa Zala za Nesi

Ine ndimaumba maluwa pa zikhadabo za anthu. Sindikunena zojambula ndi polishi ayi, zimenezo ngakhale mwana wa sukulu angathe. Ndikunena kuumba: duwa lenileni lotumphuka, la timasamba tosanjikizana, loti ukaligwira ndi chala umamva kuti apa pali duwa. Ndakhala pa tebulo langali zaka khumi ndi zinayi, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato, pambali pa zenera lomwe limatseguka likafuna lokha. Amene amati ntchito imeneyi ndi masewera a azimayi osowa chochita, akwere masitepe adzayese.

Zofunika n'ziwiri basi: paudala ndi madzi ake, amene ife timangoti likwidi. Umaviika burashi mu likwidi, n'kugunditsa nsonga yake pa paudala, ndiye pamatuluka kampira kofewa ngati dongo. Kampirako umakaika pa chikhadabo n'kukapsinja kasanaume. Likwidi akachuluka, tsamba limayenderera n'kungoti phwathalala. Akachepa, limang'ambika m'mphepete. Paudala akakhala wokhakhala, duwa limatuluka ndi ziphuphu. Ndipo ukakwatitsa paudala wa kampani ina ndi likwidi wa kampani ina, banjalo nthawi zambiri silikhalitsa, pakangotha sabata duwa loyera lasanduka lachikasu. Zonsezi ndinaziphunzira pa zala za anthu, ena mwa iwo mpaka lero sandipatsa moni.

Mwana wanga ndi mmodzi yekha, wamkazi. Bambo ake anatisiya iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo musayambe kundipepesa, ali moyo ndithu, mpaka anenepa. Mwanayo aliyense pa nyumba ya malonda ino amamuitana kuti Nesi. Dzinalo si labodza, sukulu ya unamwino anamaliza, pepala lake lili m'felemu kunyumba. Chimene chinkasowa ndi chipatala choti chimuitane. Zaka ziwiri ndi miyezi isanu akulemba makalata, akupita kukafunsidwa mafunso, akubwerako ndi mawu akuti “tikuimbirani.” Foni yake inkakhala yodzadza moto nthawi zonse, yokwezedwa mpaka pamapeto, ngakhale kubafa ankalowa nayo. Yunifolomu yake yositasita inkakhala mu pulasitiki m'kabati yanga ya matawulo, kuti akangomuitana asachite kuthamangira kunyumba.

Podikira foniyo ankakhala nane mu saluni, kutsuka maburashi ndi timbale, kudula thonje, kulandira anthu. Koma chimene ine ndinkachifuna kwambiri kwa iye ndi manja ake. Mwanayu ali ndi zala, anthuni! Zazitali, zowongoka, zikhadabo zotambalala bwino. Sanatengere ine, zanga ndi zazifupi zonenepa. Ndili nalo dzanja la pulasitiki lophunzirirapo, lomangiriridwa kutebulo ndi kachitsulo, koma pachithunzi limaoneka ngati la maliro ndipo palibe kasitomala amene amakopeka nalo. Choncho tinapangana kuti Lolemba lililonse, tsiku lopanda anthu, ndiziumba maluwa pa zala zake, n'kujambula ndi foni, kenako tsiku lomwelo n'kuzikulunga mu thonje la asetoni, mankhwala osungunula zoikirira pa zikhadabo. Pakatha mphindi makumi awiri duwa lonse limafewa n'kumangopalika lokha. Dzuwa likamalowa, zala zake zinkakhala zitabwerera mwakale, zazifupi, zopanda kanthu.

Ine zikhadabo zopanda kanthu zimandinyansa, ndineneretu. Mkazi wa zala zotero ndimamuona ngati nyumba yopanda makatani. Ndiye taganizani kuti mwana wanga yemwe ankayenda nazo m'tauni monse.

“Bwanji osangowasiya mpaka Lachisanu?” ndinkatero nthawi zina. “Ntchito yonseyi!”

“Nanga akandiitana, amayi? M'wodi salola zikhadabo zoikirira. Ngakhale polishi salola.”

“Akuitana ndani?”

Funso limeneli ndinkalifunsa moseka. Iye sankaseka.

Mumtima mwanga ndinali nditamukonzera kale tebulo lachiwiri, pamalo pomwe pali kabati ya matawulo. Ndinkati unamwino ndi chiyani kodi? Kuima tsiku lonse, kusambitsa anthu osawadziwa, kutumizidwa kutali komwe ine ndizikamuona kawiri pa chaka. Pano pali mpando, pali fani, pali ine mayi ake.

Vuto linabwera ndi mkazi wa loya. Ameneyu ndi kasitomala wanga wakalekale, mayi wa magalasi akuluakulu amene sayamba kulankhula asanaike makiyi a galimoto pa tebulo kuti aliyense awaone. Analowa Lachisanu lina atakweza chala cha mkombaphala m'mwamba, tinene kuti akupita nacho kukhoti.

“Taonani, mayi! Taonani ntchito yanu!”

Ndinaona. Pa duwa la chala chimenecho panali patachoka tsamba limodzi.

“Lagwera mu tiyi wa bambo a kunyumba. Pamaso pa alendo! Akanameza bwenzi pano tikunena zina.”

“Munatsegula nacho chiyani chalachi?”

“Palibe.”

“Chitini?”

“Kachitini kakang'onong'ono. Koma nkhani si imeneyo. Kuseri kwa banki kwatsegulidwa saluni ina, akuti maluwa awo ngakhale uwamenye ndi hamala sachoka. Ine ndakhala nanu zaka zambiri, mayi, musandikakamize.”

Mawu amenewa anandiwawa, sindinama. Ine? Kundiyerekeza ndi ana a dzulodzulo a kuseri kwa banki, oti rozi lawo sungalisiyanitse ndi kabichi? Ndinamukonzera tsambalo nditakukuta mano, n'kumuuza kuti abwere Lachinayi likudzalo ndidzamuikire maluwa oti adzapita nawo kumanda. Anaseka n'kutola makiyi ake.

Mawa lake ndinapita kwa a Pulofesa. Si a pulofesa a kuyunivesite ayi, ndi bambo ogulitsa zipangizo za m'saluni, m'kasitolo kopapatiza komwe umalowa chammbali. Tinawapatsa dzinalo chifukwa sangakupatse botolo asanakuwerengere zonse zolembedwa kumbuyo kwake, mpaka adiresi ya fakitale.

Paudala sanavute. Anandindandalikira timabotolo tisanu ndi tiwiri pa galasi, ine n'kumatsinako pang'ono n'kutikita pakati pa zala. Wina anali ngati mchenga, ndinamukankhira kumbali. Wina anali ndi zonyezimira zambiri, zimenezo n'za anthu obisa kulephera. Wina woonekera ngati galasi ndi wabwino pomanga chikhadabo, koma ukaumbira duwa timasamba sitioneka pomwe tathera. Ndinasankha woyera wosalala kwambiri wa kuumbira, wofiira wodera pang'ono wa mkati mwa rozi, ndi wobiriwira wa masamba a m'munsi. A Pulofesa anandiwerengera zolemba za timabotolo tonse titatu, ine ndikuyang'ana padenga.

“Likwidi wanu wa masiku onse?” anatero, atagwira kale botolo la likwidi wa mtundu wapepo. Ameneyo ndi amene ndagwira naye ntchito zaka zonsezi. Amauma pang'onopang'ono, amakupatsa mpata wopinda tsamba mmene ukufunira, ndipo asetoni akabwera amamvera.

“Ndikufuna wina. Wosathyoka.”

“Wosathyoka kulibe, mayi.”

“A Pulofesa, musandipusitse ngati mwana. Aja a kuseri kwa banki amagula kuti?”

Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Kenako anawerama pansi pa kauntala n'kutulutsa botolo lopanda pepala lililonse. Chiwadziwireni, aka kanali koyamba kuwaona alibe choti andiwerengere. Madzi ake anali oyera mbee. Atangotsegula pang'ono, fungo linandibaya m'mphuno mpaka misozi, fungo lakuthwa, lotsekemera monyansa.

“Uyu si wa zikhadabo kwenikweni,” anatero motsitsa mawu. “Ndi m'bale wake wa uja amaumbira mano oikirira. Amauma msangamsanga, ndipo akauma ndi mwala. Koma mumvetse, mayi: asetoni samumva. Mukhoza kuviika mpaka dzanja kuchita makwinya, iye ali phee. Ndipo munthu akakola chala pa chitseko, duwa silithyoka ayi. Chimazuka ndi chikhadabo chenichenicho.”

“Ndiye mukumusungiranji?”

“Anthu ngati inu amabwera.”

Ndinamva zonse. Ndikubwereza kuti pasadzakhale wondiikira kumbuyo: ndinamva mawu aliwonse. Ndinakulunga botololo mu nyuzipepala n'kuliika pansi pa chikwama.

Lolemba Nesi anakhala pa mpando wake n'kutambasula manja pa kathawulo, foni ili pambali monga mwa nthawi zonse. Ndinadziuza kuti n'koyenera kuyesa kaye botololi ndisanaliike pa mkazi wa loya. Dzanja la pulasitiki linali pomwepo, zala zake zitatambasuka, likudikira. Ndinaliphimba ndi nsalu.

Nditathira likwidi m'kambale kake ka galasi, fungo linadzadza chipinda chonse. Ndinakankha zenera, tsiku limenelo linakana. Nesi anakweza mutu, anayang'ana kambaleko, n'kundiyang'ana ine. Ndinadikira funso, yankho ndinali nditalikonza kale. Sanafunse. Anangobweza maso pa zala zake.

Koma likwidi ameneyo, ha! Amafuna munthu wa dzanja lachangu. Ukangotola kampira, usanawerenge mpaka khumi kauma. Tsamba loyamba linandiumira lisanapindike, ndinalipala. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu ndinamudziwa khalidwe lake: kampira kakang'ono, kupukuta burashi pa pepala kuti madzi achepe, kupsinja kamodzi, kupinda kamodzi, osabwererapo. Thukuta linkatsika kumsana. Pofika masana panali marozi khumi, chala chilichonse lakelake, ofiira mkati, oyererako m'mphepete, ndi timasamba tiwiri tobiriwira m'munsi. Ine sindine munthu wodzitama, aliyense akudziwa, koma marozi ngati amenewo sanaumbidwepo m'tauni ino. La pa chala cha mphete cha kumanzere linali loti njuchi ikanasokera.

Ndinajambula zithunzi zosawerengeka. Kenako inakwana nthawi ya thonje ndi asetoni. Ndinayamba kupukuta tebulo, ndinakonza maburashi, ndinasuntha timabotolo tosafunika kusunthidwa.

“Ndimati tiwasiye masiku angapo,” ndinatero osamuyang'ana. “Tione ngati alimba.”

“Chabwino, amayi.”

Basi. Popanda “nanga akandiitana.” Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, sindibisa. Ndinati eya, mwana wakula, wazindikira komwe kuli tsogolo lake. Iye atatsika kukataya zinyalala, ndinayeza ndi mapazi malo a kabati ya matawulo kuti ndione ngati tebulo lachiwiri lingakwane. Linakwana, n'kutsalanso malo a mpando.

Lachiwiri makasitomala ankangogwira manja a Nesi n'kumafuula. Wina anagogoda rozi ndi kiyi, linalira ngati kapu. Nesi ankatsuka nawo maburashi, kuchapa nawo matawulo, osachokapo ngakhale kachidutswa. Lachitatu masana, anthu atachepa, anakoka mpando n'kuvundukula dzanja la pulasitiki lija.

“Tandiphunzitsani kutola kampira, amayi.”

Zaka ziwiri ndikumupempha agwire burashi, iye akukana. Ndinamugwira dzanja, ndinamuonetsa mmene amaviikira, mmene amagunditsira pa paudala osakumba. Kampira kake koyamba kanali konyowa kwambiri, kanayenderera. Kachitatu kanali kabwino kuposa kanga koyamba. Ndinamuuza kuti ali ndi dzanja, anamwetulira pang'ono. Foni yake ndinaiona ili m'kabati itazima, koma sindinaganizepo kanthu.

Lachinayi, cha m'ma naini koloko m'mawa, foni yanga inalira. Nesi anali pa sinki akutsuka timbale, atandifulatira. Nambala inali yachilendo.

“Kodi ndi mayi ake a…” Mayi wa pafoniyo anatchula dzina lonse la mwana wanga, lija la pa pepala la m'felemu. “Foni yawo sikupezeka, ndiye taimba nambala yachiwiri imene analemba. Ndikuimba kuchokera ku ofesi yolemba anamwino ntchito. Malo amodzi atseguka, amene tinamusankha wasintha maganizo. Angafike kuno pasanakwane thu koloko masana ano? Akayesedwa m'wodi, ndiye abwere atavala yunifolomu, okonzeka kugwira odwala. Akalephera tiitana wotsatira.”

Ndinayang'ana msana wa mwana wanga. Ndinayang'ana zala zake mu thovu la sopo, marozi anga akunyezimira. Ndikanatha kunena kuti mwalakwitsa nambala, ndani akanadziwa? Mawuwo anafika mpaka pa lilime, ndipo anandikomera. Mulungu andikhululukire.

“Afika,” ndinatero.

Nditamuuza, Nesi sanakuwe, sanadumphe. Anatulutsa manja m'madzi n'kuwayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenako anakhala pa mpando wa makasitomala.

“Usadandaule,” ndinatero. “Mphindi makumi awiri basi.”

Ndinanyowetsa thonje ndi asetoni n'kukulunga chala chilichonse ndi pepala la siliva. Ndinkadziwa kuti ndikunama, koma munthu umayembekezera kuti mwina a Pulofesa anangokokomeza, si paja amakonda kulankhula. Mphindi makumi awiri zitatha ndinamasula chala chaching'ono. Rozi linali pomwepo, likuwala kuposa kale, munganene kuti ndalisambitsa. Ndinakulunganso. Patatha theka la ola ndinamasulanso: khungu lozungulira layera, lauma, koma rozi lili nji! Ndinalikanda ndi kachitsulo, kachitsulo kanangoterera. Teni koloko inali itadutsa.

Pamenepo m'pamene analowa mkazi wa loya, makiyi patsogolo.

“Ndafika, mayi! Aja opita nawo kumanda aja.” Kenako anaona zala za Nesi. “Ii! Amenewa! Ndikufuna amenewa enieniwa!”

“Khalani apo,” ndinatero.

Ndinalumikiza kamakina kopalira, ndinagwira chala chaching'ono cha mwana wanga, n'kuika mutu wa makinawo pa duwa. Phokoso lake linali lija la kwa dokotala wa mano. Fumbi lofiira linabuka.

“Mwapenga kodi? Mukuwonongatu!”

“Mayi, mwanayu amuitana ku ntchito, thu koloko akhale atafika wopanda chilichonse pa zala. Mukalankhulanso ndiyamba ndi zanu.”

Anakhala chete. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti n'zotheka.

Makina amachotsa zapamwamba zokha. Ukayandikira chikhadabo chenicheni amatentha, ukapitirira pang'ono waboola, magazi. Ndipo namwino wa bala pa chala samulola kugwira wodwala, zimenezo Nesi anandiuza kalekale, nthawi ija ndinkachita ngati sindikumva. Choncho pamwamba ndinkadya ndi makina, pansi n'kutenga chopalira cha pamanja, pang'onopang'ono, kupala n'kuuzira fumbi, kupala n'kuuzira. Chala chimodzi chinkatenga mphindi makumi awiri. Zala ndi khumi, ndipo kuchokera kuno kukafika ku ofesiko si pafupi.

Ntchito imene ndinaiumba ndi mtima wonse Lolemba ndinkaiphwanya ndekha Lachinayi, iyo n'kumakana. Ndinalonjeza maluwa osachoka, ndi awa, sakuchoka. Ndinatukwana rozi lililonse. Ndinatukwana a Pulofesa, ndinatukwana a kuseri kwa banki, ndinatukwana zenera. Mkazi wa loya, popanda womutuma, anatenga kafani n'kumalozetsa pa zala za Nesi kuti zizizire, n'kumatiuza nthawi chala chilichonse chikatha. Azimayi awiri anabwera kudzakonzetsa, ndinawabwezera pakhomo osakweza mutu.

Pa chala chachisanu ndi chimodzi ndinaona kuti Nesi ankaluma mlomo. Ndinkadziwa kuti zikumuwotcha, koma sanabweze dzanja ngakhale kamodzi, sananene ngakhale “mayo.” Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko. Sindinathenso kupirira.

“Ndinkadziwa,” ndinatero, maso ali pa chala. “A Pulofesa anandiuza kuti likwidi ameneyu sachoka. Ndinkadziwa ndisanatsegule n'komwe botolo.”

“Inenso ndinkadziwa, amayi.”

Chopalira chinaima.

“Ndatsuka timbale tanu zaka ziwiri. Fungo la wapepo uja ndimalidziwa. Mutangothira uyu ndinadziwa kuti si wochoka madzulo.”

“Ndiye bwanji sunanene? Bwanji sunachotse dzanja, mwana iwe?”

“Ndinatopa.” Sanakweze mawu. “Ndinati mwina amayi akunena zoona. Akundiitana ndani?”

Mawu anga omwe. Ndinawanena moseka kangati, pa tebulo lomweli, nditagwira dzanja lomweli? Ine ndinkayesa kuti Lolemba lija mwana wanga wasankha kukhala nane. Kani anali atangotaya mtima, ndipo ine mayi ake ndinakondwera, mpaka kuyeza malo a tebulo ndi mapazi, mpaka kumuuza kuti ali ndi dzanja. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Misozi inagwera pa fumbi lofiira lija n'kupanga matope pa chala chake.

“Musalirire pa chalapo, amayi, simuona bwino. Nthawi ikutha.”

Kumbuyo kwanga mkazi wa loya ankamina m'kathawulo kanga ka makasitomala. Ndinapukuta maso ndi phewa n'kupitiriza.

Chala cha mphete cha kumanzere ndinachisiya komalizira, chija cha rozi losokeretsa njuchi. Sindinalijambulenso, sindinalitsanzike, ndinangolowetsa makina. Hafu pasiti wani itangodutsa, zala zonse khumi zinali mbee. Zikhadabo zinali zopyapyala, zofiirira, zokandikakandika, zodulidwa mpaka pa mnofu, koma popanda dontho la magazi. Ntchito yonyansa chotero inali isanatulukepo pa tebulo langa. Ndinazitsuka ndi sopo, osapakapo chilichonse, ngakhale mafuta owalitsa.

Nesi anatulutsa yunifolomu m'kabati ya matawulo n'kukavalira kuseri kwa katani. Mabatani ndinamumangira ine, nsonga za zala zake zinkawawa. Mkazi wa loya anatola makiyi ake.

“Tiye, ndikuperekeze. Pa minibasi sufika.”

Musaganize kuti chinali chifundo chokha. Mayi ameneyu nkhani ngati imeneyi sangaisiyire pakati, anzake akawauza chiyani? Komabe ndinamva mmene anatulutsira galimoto pansipo, ndipo ndinamukhululukira kachitini kaja.

Ndinatsala ndekha ndi fumbi. Linali paliponse, pa tebulo, pa galasi, m'tsitsi langa, mpaka m'mano. Ndinasesa kawiri. Botolo lopanda pepala ndinalikulunga mu nyuzipepala yake yomwe ija kuti ndikawabwezere a Pulofesa, pamodzi ndi mawu ena amene ndinawakonzera, ngakhale ndinkadziwa kuti mawuwo ndi oyenera ine. Kenako ndinangokhala, ndikuyang'ana wotchi. Nanga akachedwa ndi mphindi zisanu? Nanga akaona zala zofiirazo n'kumubweza? Ndinapemphera, ine amene m'mawa mwa tsiku lomwelo ndinatsala pang'ono kunena kuti mwalakwitsa nambala.

Anabwera cha m'ma faifi koloko, dzuwa likadalipo. Ndinadziwa asanalowe, chifukwa ankakwera masitepe awiriawiri monga ankachitira ali ku pulayimale.

Amulemba. Chipatala chake n'chakutali, basi ya tsiku lonse, ndipo ayamba kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Ndinamukumbatira, ndinalulutira mpaka wa nsapato pansipa anatuluka kudzayang'ana m'mwamba. Ndinasangalala ndi mtima wonse, ndipo mtima womwewo unkandipweteka, chifukwa zimene ndinkaopa zija zinali zitachitika ndipo ndinazipala ndekha ndi manja anga.

“Asanandilowetse m'wodi, namwino wamkulu anandiyang'ana manja,” anatero Nesi atakhala pansi. “Anawatembenuza uku ndi uku. Anandifunsa ngati ndimaluma zikhadabo.”

“Kuluma! Mwana wa ine?”

“Ndinati ayi, amayi anga ndi amene andikonza lero.”

“Ndiye anati chiyani?”

“Anati ndidzakuthokozeni. Akuti atsikana ambiri amabwera ndi zikhadabo ngati akupita kophwando. Akuti zikuonekeratu kuti ndinu mayi womvetsa ntchito ya mwana wake.”

Ananena zimenezi akundiyang'ana m'maso, osaseka, osandinyoza. Zaka khumi ndi zinayi ndikuumba maluwa, anthu akufuula, akujambula, akugogoda ndi makiyi, koma kuyamikira kumene kunandifika m'mafupa kunali kwa munthu wosandidziwa, pa zikhadabo zopanda kanthu, ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti sikunali kondiyenera.

Ndinangotenga zala zakezo n'kumaziuzira chimodzi chimodzi, ngakhale fumbi linali litatha kalekale.